Zikho Ziwiri Kunja kwa Chikuta

Padangokhala, padangotero. Vomerani nonse ndimve kuti sindikuyankhula ndekha, ndipo amene ali ndi ulendo anyamuke pompano, chifukwa ine nkhani yodukizadukiza imandipweteketsa mutu.

Padali Gologolo, amene ankadzitcha sing'anga. Ndati ankadzitcha, musandimve molakwa. Mankhwala ake adali amodzi okha, makungwa osinja, ndipo omwewo ankapatsa wa mutu, wa mwendo, ngakhale wothawidwa ndi mwamuna. Wodwala akachira, Gologolo ankazungulira mudzi wonse mchira uli m'mwamba. Akamwalira, ankafika pamaliro n'kumapukusa mutu, amvekere abale adachedwa kubwera naye. Motero iye sankalakwa, ndipo mtedza wothokozera sunkatha m'nkhokwe mwake. Mtima wake sudali woipa kwenikweni, koma manyazi adalibe ndi pang'ono pomwe.

Tsono Nyalugwe, mfumukazi ya dzikolo, adabereka mwana wamkazi atadikira zaka zambirimbiri. Mwambo mukuudziwa: mayi akabereka amabindikira m'chikuta ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo olowamo ndi azamba okha. Koma kwa mfumukazi mwambowo udali wokhwima koposa. Wamwamuna aliyense, ngakhale mbale wake weniweni, ankathera kunja kwa mpanda, kutali kumene mawu a m'chikuta sakadafika.

Mchombo usanagwe, khanda lija lidayamba kunjenjemera n'kumakana bere. M'dziko limenelo nthenda zoyamba chotero zidalipo ziwiri, ya moto ndi ya mphepo, ndipo poyambirira zinkafanana ngati mapasa. Wodwala moto ankamumiza m'madzi ozizira a kumtsinje. Wodwala mphepo ankamufukiza, kumufunditsa chikopa pamwamba pa mphika wa nthunzi. Zimenezi ngakhale mbuzi inkazidziwa. Chovuta chidali kutchula nthendayo mwana osamuona.

Asing'anga enieni atamva, wina adakumbukira maliro a kutali, wina msana udamugwira mwadzidzidzi. Adatsala Gologolo yekha, amene adachedwa kuthawa chifukwa ankafuna kusenza mtedza wake wonse. Amene adamupeza akumanga thumba adali Kambuku, mlongo wake wa mfumukazi, amenenso adali mwini mbumba. Kambuku adamunyamula ndi chala chimodzi mpaka pabwalo la kunja kwa mpanda, namuuza mosakweza mawu kuti mwanayo akamwalira, chikopa cha sing'anga ndicho chikhale nsalu yokulungira maliro.

Koma Gologolo mutu sudaleke kugwira ntchito. Adapempha zikho ziwiri zofanana, ndodo yowongoka, luzi, ndi dengu la njere za bwemba. Adamangirira chikho china kuno, china uko, ndodoyo n'kuipachika pakatikati, chikhale ngati sikelo ya ogulitsa nyama. Chikho cha kumanja adachitcha cha moto, cha kumanzere cha mphepo. Adafotokozera nyama zonse zimene zidasonkhana kuti azamba azibwera ndi zomwe aona m'chikuta, ndipo chizindikiro chilichonse chizisanduka njere n'kugwera m'chikho cha nthenda yake.

"Ine pakamwa panga sipatuluka dzina la nthenda," adatero. "Chikho chimene chilemere ndicho titsate. Tsono bambo, tikatsata zikho mwana n'kutisiya, mlandu ukhala wa yani?"

Kambuku adazungulira ndodo ija akuinunkhiza, kenako adayankha pamaso pa onse. "Ukatsata zikho, mlandu si wako. Ukapatuka pa zikho, chikopa chako n'changa."

Mwakuona kuchenjerako? Za mwana sankaziganiza n'komwe Gologolo. Iye ankangofuna pobisala.

Mzamba aliyense asanatulukire, Gologolo adatapa njere zodzaza dzanja n'kuthira m'chikho cha moto, natola zochepa chabe n'kuponya cha mphepo. Kambuku adabangula kuti akuthiriranji asanamve kanthu. Gologolo adati wamva kale zambiri: ino ndi nyengo ya chilimwe, ndipo pa ana amene amadwala chotere dzuwa likamaswa mtengo, ochuluka imakhala nthenda ya moto, a mphepo amangopezeka apa ndi apo. Apa ankanena zoona, poti munthu wosaphonya maliro amaona zambiri ngakhale asafune.

Kenako adayambitsa nyimbo, popeza sing'anga wopanda nyimbo palibe amamukhulupirira. Idali yaifupi, yothamanga, yofunsa njere kumene ikufuna kukagona, ndipo nyama za pabwalo zinkavomera ndi mawu odandaula kuti mwana sanayamwebe. Sidali nyimbo yokoma ayi, koma inkatekesa miyendo, moti palibe adatha kukhala pansi.

Azamba adalipo atatu. Oyamba kufika adali amayi Khwangwala, poti iwo amauluka. Asanatere n'komwe adali atayamba kale kulengeza kuti mwana wapsa, thupi lonse ndi ng'anjo, udzu wa padenga wayamba kufuka utsi. Gologolo adatapa njere ndi manja onse awiri, khuthu! m'chikho cha moto.

Pambuyo pake adatulukira amayi Nanzikambe, mwendo kuuponya, kuubweza, kuuponyanso. Iwowa adayamba ayang'ana nkhope ya Kambuku, naona kuti mawu oti mphepo akumuopsa, nanena kuti pachifuwa pa mwana palibe vuto lililonse. Atatembenuzira diso lina kwa Gologolo, adapeza wakwinya nkhope. Koma inu, chidamukwinyitsa ndi nyerere imene idamuluma kuphazi! Amayi aja adasintha mtundu pomwepo, nati mwana akutsokomola kosalekeza, ndithu ndi mphepo imeneyi. Gologolo adathira njere uku, n'kuzichotsa, n'kuthira uko.

Omaliza adali amayi Fulu. Adafika atatopa, napempha madzi akumwa, napuma kaye, kenako adafunsa kuti anthu onsewa asonkhaniranji. Iwo adati adasiya mwana akuyamwa bwinobwino, ndipo atakhuta adagona tulo tabwino.

Ndodo ija idangoti pendapenda, poti Gologolo ankathira ndi kuchotsa malinga ndi amene wayankhula kumene. Kambuku ankapita uku n'kubwerera, zikhadabo zikukanda pansi. Potsiriza adaima n'kunena kuti zikho zosakhazikika sizinanene kanthu, ndipo sing'anga amene zikho zake sizikunena kanthu wapatuka kale. Apa mpamene Gologolo adazindikira kuti pobisala pake padali pobooka. Vuto lidali lakuti ankapatsa mawu onse kulemera kofanana, ndiye asanayeze nthenda adayenera kuyamba wayeza azambawo.

Adayamba ndi amayi Khwangwala. Adadzibaya chala ndi munga pamaso pawo, kadontho ka magazi n'kutuluka, iye n'kubuula ngati wathyoka. Amayi aja adauluka ulendo womwewo. Posakhalitsa mbiri idabwerera pabwalo kudzera kwa ena, yakuti sing'anga waduka mkono ndipo magazi afika m'mawondo. Atabwerako, Gologolo adawalozera mphika wovundikira nawafunsa ngati aiona njoka imene ili m'katimo. Amayi Khwangwala adakwiya zedi. Adati iwo sanena za chinthu chimene sanachione, asawayese abodza.

Gologolo adatembenukira kwa Kambuku. "Amayiwa sapeka, amangokuza. Akati ng'anjo, kutentha kulipodi, koma mwina n'kwa phala la mwana." Adabweza m'dengu njere zambiri za amayi aja, n'kusiya zowerengeka m'chikho cha moto. Nyimbo idayambanso, mothamangirapo, nyama zikuvomera zija za mwana wosayamwa.

Kwa amayi Fulu adangofunsa funso lachibwana. Adati iye amakonda kumva za zakudya za akuluakulu, ndiye amuuzeko kuti potuluka pakhomo la chikuta adasiya mfumukazi ikudya chiyani. Iwo adati chiwindi cha gwape, ndipo adachiotcha ndi iwo omwe. Amayi Khwangwala adaseka chikhakhali mpaka kugwa pa nthambi, nati chiwindi chimenecho chidadyedwa dzulo m'mamawa, lero mfumukazi sinalawe kanthu. Ndiye kuti mayi wa anthu adali akuyenda kuyambira dzulo, kuchokera pachikuta kufika pampanda!

Kambuku adalamula kuti mawu a amayi Fulu atayidwe. Gologolo adakana, nati nkhani yakale si bodza, ingofunika kuiika pa tsiku lake. Ngati dzulo mwana ankayamwa bwinobwino, lero n'kukhala chonchi, ndiye kuti nthendayi yabwera mothamanga. Moto ndiwo umakonda kugwa mwadzidzidzi, pamene mphepo kawirikawiri imalowa pang'onopang'ono. Adati kawirikawiri, sadati nthawi zonse, choncho adathira njere m'chikho cha moto mosadzaza dzanja. Nyama zidayimbanso, ndipo zina zidayamba kuponda pansi mosadziwa.

Adatsala amayi Nanzikambe, ndipo apa mpamene padali ntchito. Munthu wonena zimene nkhope yako ikufuna umamufunsa bwanji? Gologolo adapempha Kambuku kuti afulatire. Kambuku adanyinyirika kuti iye safulatira munthu, koma adafulatira. Nyama zonse adaziuza kuti zizyolike, iye mwini n'kulowetsa mutu mumtsuko, nafunsa ali momwemo kuti amayi adaona chiyani m'chikuta.

Maso a amayi Nanzikambe adazungulira uku ndi uko kufunafuna nkhope yoti aisangalatse, osaipeza. Adabiriwira, adafiira, adachita mawangamawanga, mapeto ake adangoti mbuu ngati phulusa. Mawu awo adatuluka aang'ono.

"Ine sindikudziwa bwinobwino. Akamapuma, pansi pa nthiti pamalowa pang'ono, koma mwina n'kulira kumene kwamutopetsa. Kutsokomola ndidakumva kamodzi. M'chikuta muli mdima, kapena adatsokomolawo adali mayi ake."

Gologolo adatulutsa mutu mumtsuko, nati mawu amenewo ndiwo adali kuwafuna tsiku lonse. Pa za nthitizo adaponya njere zingapo m'chikho cha mphepo. Pa za kutsokomola adatola imodzi, naibenthula pakati ndi mano, theka n'kuponyamo, theka n'kulavula, poti mwini wakeyo sankadziwa ngati adamvadi mwana.

Nyimbo idamveka komaliza, yothamanga moti mawu ankapondana. Itatha, onse adayang'ana ndodo. Idagwedezeka, idagwedezekanso, kenako idaima. Chikho cha moto chidali pansi, cha mphepo chili m'mwamba ndi tinjere take tochepa. Kambuku adapumira m'mwamba, nalamula kuti akatunge madzi kumtsinje, a pamthunzi ozizira kwambiri. Kwa Gologolo adangoti ntchito yake yatha, zotsala n'za zikho.

Gologolo adatola thumba lake mtima uli mbee. Mwana achire, asachire, chikopa chake chidali chapulumuka. Koma atangokhota kuseri kwa mpanda, adamva wina akumukoka mchira. Adali amayi Nanzikambe, adakali otuwa mbuu.

"A sing'anga, womiza mwanayu m'madzi ndine. Ndiuzeni kuti ndi moto ndithu."

Gologolo adatsegula pakamwa kuti aname monga mwa masiku onse. Bodza lidali ntchito yake, lidali ngati khasu kwa mlimi, koma tsiku limenelo lidakana kutuluka. Njere za m'chikho chopepuka chija adaziponya ndi iye mwini, imodziimodzi, ndipo iliyonse ankaidziwa chimene idalowera. Kale ankatha kunena kuti ndithu chifukwa sankadziwa kanthu. Tsopano ankadziwa kukula kwa chimene sankachidziwacho, ndipo chidamusowetsa mtendere.

Adathamangira amayi Fulu, amene adali atayamba kubwerera kuchikuta koma adali asanafike patali, monga mukudziwira. Adaona kuti munthu amene nkhani zake zonse n'zakale ndiye woyenera kumufunsa zakale. Adawafunsa kuti pa zaka zawo zonse za uzamba, mwana wa mphepo akamizidwa m'madzi molakwitsa, chimachitika n'chiyani.

"Ubweya suuma ali moyo," adatero amayi Fulu.

"Nanga wa moto akafukizidwa molakwitsa?"

"Amazunzika. Amalira mpaka mawu kutha, lilime n'kufiira ngati tsabola, ndipo pamenepo aliyense amadziwa kuti ndi moto. Ukamumiza msanga amatsitsimuka. Ambiri amatsitsimuka."

"Onse?"

"Ndati ambiri, mwana iwe."

Gologolo adayenda kulowera kunjira ya kwawo, nabwerera, nayendanso, nabwereranso, thumba likumenya pamsana. Zikho zidali zitayankha funso limodzi lokha, lakuti nthenda yowoneka kwambiri ndi iti. Funso lakuti kulakwitsa kuti kuli ndi pobwerera sizidaliyankhe, poti palibe adazifunsa. Akatsata zikho n'kukhala kuti zanena zoona, mwana achira lero lomwe. Zikakhala kuti zaphonya, mwana wapita, palibe kuyesanso. Akafukiza n'kukhala kuti walakwitsa, mwana avutika, komabe madzi alipo. Ndipo kuti amufotokozere Kambuku sikukadatheka, popeza adamulumbiritsa pa zikho ndi iye yemwe, pamaso pa dziko lonse.

Ndikuuzeni, adachita mantha Gologolo, mantha enieni. Adadzitukwana yekha, nadzitcha chitsiru chofera mwana wa eni, mwana amene akadzakula adzadya agologolo. Njira idali pululu, palibe ankamuletsa. Komabe adaponya thumba pansi, natapa phula mumng'oma wakale wa njuchi umene udali pafupi, natola kamwala, zonsezo n'kuzibisa m'tsaya.

Adafika pabwalo mitsuko ya madzi itangofika kumene. Adati pepani akuluakulu, waiwala nyimbo yotsekera, ndipo popanda imeneyo madziwo sagwira ntchito. Kambuku adamuuza kuti afulumire. Nyama zidayambanso kuvomera, zotopa, mawu atasasa, funso lake lomwe lija la kumene njere ikagone. Gologolo adavina ngati wagwidwa ndi mizimu. Adalumpha ndodo, adadutsa pansi pake, mchira uli yangayanga kuphimba zikho, ndipo m'kati mwa fumbi limenelo adamata kamwala kaja kunsi kwa chikho cha mphepo.

Nyimbo itatha, ndodo idayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono, nyama zonse zili kukamwa yasa. Gologolo adagwira pakamwa ngati nayenso wadabwa, nati njere zaganizanso, ndipo iye ndani kuti atsutsane nazo. Kambuku adamuyang'ana nthawi yaitali. Koma lumbiro lidali lumbiro, choncho adalamula kuti akoleze moto, afukize mwana. Ena adafuna kutaya madzi aja, koma Gologolo adawaletsa. Adati mitsuko aiike pamthunzi pafupi ndi khomo la mpanda, aivundikire ndi masamba, ndipo wina asaikhudze.

Kutacha, amayi Khwangwala adatulukira akuuluka mokhotakhota, akuti lilime la mwana lasanduka khala la moto. Pambuyo pawo padabwera amayi Nanzikambe akuthamanga, chinthu chimene munthu adali asanachionepo, ndipo sadayang'ane nkhope ya wina aliyense. Adati lilime lafiira psuu, mawu atha, chifuwa chilibe kanthu. Gologolo sadadikire nyimbo kapena njere.

"Ndi moto. Tsopano ndikuti ndithu. Nyamulani mitsukoyo, kammizeni!"

Azamba adakwakwaza mitsuko kulowa nayo kumpanda. Koma amayi Khwangwala, mtima uli m'mwamba, pakamwa sipadatseke. Adati iwo adadabwa kale dzulo, poti adaona ndi maso awo sing'anga akumata mphero yathunthu kunsi kwa chikho. Nyama zina zidaseka kuti mphero ingakwane bwanji pamenepo. Kambuku sadaseke.

"Amayiwa sapeka, amangokuza," adatero. "Udandiphunzitsa ndiwe."

Adatembenuza chikho cha mphepo, napeza kamwala kali matu ndi phula. Gologolo adati athawe, koma chikhadabo chidamupeza, chidamung'amba kuyambira pakhosi mpaka potulukira mchira. Akadamumaliza pomwepo, koma mwambo sunkalola kupha munthu pamene mwana ali m'chikuta. Adamumangirira pa nsanamira ya mpanda ndi luzi lomwe lija la pa zikho, kuti adikire kutuluka kwa mfumukazi.

Mwana uja sadachire msanga. Adatsitsimuka, nafookanso, natsitsimukanso, ndipo nthawi yonseyo Gologolo adali pa nsanamira, ntchentche zili ng'waa pabala, akufunsa aliyense wodutsa ngati khanda layamwa. Ambiri sankamuyankha. Potsiriza mchombo udagwa, khomo la mpanda lidatseguka, Nyalugwe n'kutuluka atawonda, mwana ali kumsana. Kamwanako kankayesa kulira, koma mawu ankangotuluka osasa.

Mfumukazi sidapite kukalandira mphatso za anthu. Idalunjika pa nsanamira, nikhala pansi, n'kuitanitsa zikho ziwiri zija.

"Zikho zako zidanena zoona," adatero Nyalugwe.

"Zidanena zoona, mayi."

"Ndiye wolakwa ndiwe."

"Ndine, mayi."

"Mwana wanga ndidamugwira pa nthunzi ndi manja angawa, akundiyang'ana, akulira mpaka mawu kutha. Ndiuze chifukwa chake."

Gologolo adapempha kuti akhuthulire m'dzanja mwawo za m'chikho chopepuka. Mudagwa tinjere tochepa, ndi kachibenthu kaja ka mano.

"Pa ana odwala ngati wanuyu, ochuluka ali m'chikho chodzazacho, ndipo madzi akadawachiza tsiku lomwelo. Koma awa ali m'dzanja mwanuwa, madzi akadawapha ubweya usanaume. Ine sindinkadziwa kuti wanu ali m'chikho chiti. Ndidasankha kulakwa kumene kuli ndi mawa."

Kambuku adati amenewo ndi mawu chabe a munthu wozolowera kunama, ndipo amupatse chikopa chake monga adapanganirana. Nyalugwe adayang'ana tinjere tija nthawi yaitali, akutitembenuza ndi chala. Adali wokwiya, ndipo mkwiyo wake udali ndi chifukwa. Koma mwana ankapuma pamsana pake, ndipo kupumako ankakumva.

Kenako adaimirira nagamula pamaso pa onse. Adati Gologolo adanyenga bwalo, adanamiza mwini mbumba, ndipo wochita zotere sangapondenso pansi pa dziko lake. Za chikopa adauza mlongo wakeyo kuti mzere umene wajambula pamsanapo ndiwo gawo lake, asaonjezere. Adamumasula, Gologolo n'kuyamba kutsimphina kulowera kuthengo, wopanda thumba, wopanda womuperekeza, nyama zikumupatukira ngati wakhate.

Atangoyenda pang'ono, adamva mfumukazi ikumuitana motsitsa mawu, kuti ena asamve.

"Ndati pansi. Za m'mitengo sindinanene. Usapite kutali kosamva kuitana, poti ine ndidzaberekanso."

Gologolo adakwera mtengo wa pafupi ndi mpanda, bala likadali laliwisi, ndipo sadasamukenso.

Yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akadziphulire yekha, ine sindiphulira munthu.